Kasanjidwe ka ndakatulo yosimba nkhani: mathero a mizere, maphatikizo ndi ndime

Ndakatulo yosimba nkhani imasenza mitolo iwiri nthawi imodzi. Iyenera kunena zomwe zidachitika, kwa yani, kuti, ndi mmene zidathera. Iyeneranso kukoma m'khutu, kuti womvera pawailesi kapena pabwalo asayambe kucheza ndi mnzake. Ambiri ongoyamba kumene amatula mtolo umodzi panjira. Wina amalemba nkhani yabwinobwino n'kungoiduladula m'timizere. Wina amasaka mawu othera mofanana mpaka nkhani kusokonekera, msodzi yemwe adali panyanja n'kupezeka ali kumunda chifukwa choti mzere wapamwamba udathera ndi mawu akuti "mtunda".

Mawu awiri akathera mofanana, khutu limawamanga pamodzi. Womvera akamva "nyanja" kenako "banja", zinthu ziwirizi zakhala pachibale mumtima mwake ngakhale mlakatuli sadanene choncho. Ndiye kugwirizana kwa mathero a mizere, kumene Angerezi amati rhyme ndipo Aswahili amati vina, musakuyese mchere wongowaza pa ndiwo zopsa kale. Kumanena nawo nkhaniyo, ndipo mukakuika polakwika kumanena zomwe inu simudafune.

Nkhani iyambe yaima payokha

Musanalembe mzere ngakhale umodzi, lembani nkhani yonse m'ziganizo wamba 6 mpaka 8. Tiyeni tigwiritse ntchito iyi. Msodzi wa ku Senga Bay, ku Salima, watenga ukonde pangongole. Ndi mwezi wa Julaye, nyengo ya mwera. Mkazi wake akumuletsa kupita panyanja. Iye akupita ndithu chifukwa mwini ndalama wamuvuta. Usiku mphepo ikukula. M'mawa anzake afika kudoko, iye ayi. Mawa lake madzulo bwato likupezeka pagombe lopanda munthu.

Chongani malo atatu: pomwe mpangankhani wachita chinthu chosabwezeka, pomwe chiyembekezo chayamba kutha, ndi pothera. Luso lanu lonse la mathero ndi ndime lisungireni malo atatu amenewa. Kwina konseko ndakatulo izingoyenda.

Kenako lembani mayina a zinthu zogwirika za m'nkhaniyo, 10 kapena 15: ukonde, khonde, nyali, nkhafi, usipa, mwera, ngongole, khanda, gombe, bwato. Yang'anani omwe ali kale pachibale m'kamvekedwe. Mupeza ukonde ndi khonde, mwera ndi kubwera, nyanja, manja ndi banja, usipa ndi kuipa. Mwa awiriawiri amenewa sankhani omwe anyamula nkhani yonse. Pano ndi "mwera" ndi "bwera", chifukwa funso la ndakatuloyi ndi limodzi: kodi munthu wopita pa mwera abwera? Amenewa ndiwo msana wake.

Gawaninso ndime zisanalembedwe. Pa ndime 16, ziwiri zionetse anthu ndi malo, zinayi zikhale za mkangano wapakhonde, zisanu za usiku panyanja, zitatu za kudikira, ziwiri za mathero. Cholakwika chofala n'kuthera ndime 6 kutamanda kukongola kwa nyanja, nkhani yeniyeni n'kudzaithamangitsa kumapeto mpweya utatha.

Mathero otchipa ndi mathero odula

Apa m'pofunika kukhalitsa, chifukwa Chichewa chili ndi msampha wakewake. Mawu athu amathera ndi lembo la liwu, ndipo malembo a liwu alipo 5 okha. Aneni ambiri amathera ndi a. Choncho mizere ikhoza kuthera mofanana popanda mlakatuli kuchitapo kanthu:

Msodzi uja adadzuka,
Kunyanja adapita,
Nsomba zambiri adagwira,
Kumudzi adafika.

Papepala ma a anayi akuoneka atafola bwino. M'khutu mulibe chomwe chamveka, chifukwa tikamayankhula tsiku lonse ziganizo zathu zimathera choncho. Taonaninso kuti pofuna kuika mneni kumapeto, mizere itatu yatembenuzidwa, ndipo palibe munthu amasimba nkhani motero.

Khutu la wolankhula Chichewa limatchera pa phatikizo lotsatana ndi lomaliza. Kumapeto kwa chiganizo phatikizo limeneli timalikoka pang'ono: nyaanja, mweera, ukoonde. Kugwirizana komveka kumayambira pa lembo la liwu la phatikizo lokokedwalo mpaka kumapeto. N'chifukwa chake pali masitepe:

Lembo lomaliza lokha, monga "adadzuka" ndi "adapita": sizimveka.

Phatikizo lomaliza lonse, monga "mudzi" ndi "madzi", kapena "nyumba" ndi "mimba": zimamveka pang'ono, ngati kugogoda chitseko ndi chala chimodzi. Zimathandiza m'ndime zongoyendetsa nkhani.

Kuyambira pa phatikizo lokokedwa, monga "njala" ndi "phala", "mtondo" ndi "nkhondo", "chambo" ndi "mwambo", "mkazi" ndi "magazi": apa ndiye khutu limadzuka.

Palinso zoyandikana koma zosafika, monga "mwezi" ndi "bwenzi", kapena "moto" ndi "mphotho". Wolankhula Chichewa amamva kuti t ndi th si amodzi. Musazitaye zoterezi. Zimasiya kakusakhutira m'khutu, ndipo n'zoyenera pomwe mpangankhani akunama, akukayika, kapena akulonjeza chinthu chomwe sachita.

Chichewa chilinso ndi mawu olembedwa mofanana koma osiyana kakwezedwe ka liwu, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Kuwaika kumathero kwa mizere iwiri kumakoma, koma kamodzi kokha m'ndakatulo, ndipo wolakatula ayenera kuwatchula mosiyana bwino.

Chenjerani ndi misintho ya aneni. "Adagulitsa, adadyetsa, adaphunzitsa" kapena "kukondana, kuonana, kuthandizana" amagwirizana chifukwa cha galamala basi, ndipo mizere 8 yotere imagonetsa anthu. Koma pali pomwe galamala yomweyo imasanduka tanthauzo. Ngati mpangankhani wagwa m'manja mwa ena, msintho wochitidwa wotsatizana umamveka ngati maunyolo: adagwidwa, adamangidwa, adaweruzidwa. Munthuyo sakuchitanso kanthu, zonse akungochitidwa, ndipo mathero a mizere akunena zimenezo. Ikani zotere m'ndime imodzi yomwe zikuyenera, ndime yotsatira mubwerere ku mayina.

Mawu amene ali kumathero kwa mzere ndi amene amatsala m'mutu. Muziikapo dzina la chinthu chogwirika kapena mneni wamphamvu. Musamaikepo "ndithu", "zedi", "kwambiri", kapena timaphatikizo tongomata monga -tu, -di ndi -nso pofuna kuti mzere ukwane. Mpando umenewo ndi wa mfumu.

Kuwerenga maphatikizo

Ngati mwasankha mizere yofanana kutalika, werengani maphatikizo ndi pakamwa, mukuwomba m'manja kapena kugogoda patebulo. Kuwerenga ndi maso kumanamiza. M wa mu "mtima", "mkazi" ndi "msodzi" ndi phatikizo payekha, choncho mawuwa ali ndi maphatikizo atatuatatu. Koma "mphepo", "mbale" (yodyeramo), "mwera", "nsomba" ndi "nyanja" ali ndi awiriawiri. Malembo a liwu awiri ogundizana amawerengedwa padera: "sakuoneka" ndi sa-ku-o-ne-ka.

Maphatikizo 8 pa mzere ndi muyeso wabwino poyambira. Mawu athu ndi aatali. Mneni mmodzi ngati "adangomuyang'anitsitsa" ali ndi maphatikizo 9 payekha. Mzere wa maphatikizo 6 umakukakamizani kudula nkhani, pomwe wa 12 kapena kuposa umafuna popumira pakati, apo ayi wolakatula amabanika. Mzere wa maphatikizo 8 umalola mawu awiri mpaka anayi, omwe ndi okwanira chochitika chimodzi.

Mzere ukapitirira kapena kuperewera ndi phatikizo limodzi, chiyankhulo chomwe chili ndi zida zokonzera. "M'nyumba" ndi "nyumba" amasiyana ndi limodzi. "Wanyamuka" ndi wamfupi kuposa "adanyamuka". "Khandalo" ndi lalifupi kuposa "khanda lija". Koma musasinthe nthawi ya mneni pongofuna chiwerengero. Mukayamba ndi -da-, musadumphire ku -na- pakati popanda chifukwa, ndipo kuchoka pa nthawi yakale kupita pa yatsopano kuchitike pomwe mukufuna womvera aime pamalopo n'kuona ndi maso ake.

Kuwerenga maphatikizo si lamulo la makolo. Nyimbo za m'nthano ndi za pamtondo zimatsata kugunda kwa manja kapena kwa munsi, mzere wina wautali wina waufupi. Mukhoza kutsata njira imeneyo, bola mzere uliwonse ukhale ndi kugunda kofanana, kunayi kapena kutatu. Chosafunika n'kusakaniza mosadziwa, ndime iyi yowerengedwa, inayo yongotayirira.

Kusankha mtundu wa ndime

Tigwiritse ntchito zilembo: mizere yothera mofanana ipatsidwe chilembo chimodzi.

Mizere iwiriiwiri, aabb, imathamanga ndipo imatseka ganizo msangamsanga. Imayenera nkhani yoseketsa, ya kalulu ndi fisi, kapena ya munthu wodzitama yemwe achite manyazi. Pa nkhani ya maliro imamveka ngati mukuseka, chifukwa yankho limabwera womvera asanadikire n'komwe.

Yodumphana, abab, imayenera anthu awiri okangana, wina a mnzake b. Koma imafuna mawu ogwirizana awiriawiri kawiri pa ndime iliyonse, ndipo pofika ndime ya 10 mumakhala mutayamba kunamizira.

Yoti mzere wachiwiri ndi wachinayi yokha ndiyo igwirizane, abcb, ndiyo yomwe ndakatulo zakale zosimba nkhani za ku England ndi ku Scotland zinkatsata kawirikawiri. Pa Chichewa imakhala bwino chifukwa mzere woyamba ndi wachitatu ndi yomasuka, nkhani imayenda popanda kupunthwa:

Mwezi utalowa kale,
Adanyamula ukonde;
Mkazi wake ndi khanda
Adangotsala pakhonde.

"Musapite, kuli mwera."
"Ngongole sidziwa mphepo."
"Ganizani za mwanayu."
Adanyamuka pomwepo.

Mzere uliwonse uli ndi maphatikizo 8. M'ndime yoyamba, "ukonde" ndi "pakhonde" agawa banjali pawiri: wina ndi chida chake cha panyanja, wina pakhomo. Palibe pomwe tanena kuti akusiyana, mathero anena okha. M'ndime yachiwiri mawu a mkazi ali pa mizere yomasuka, ndipo palibe chowayankha. Mawu a mwamuna ndiwo ayankhidwa, ndi kunyamuka kwake komwe. Womvera amamva m'khutu kuti pempho la mayiyu lagwera pansi. Mukadasinthanitsa, mkazi n'kukhala pa mzere wachiwiri ndi wachinayi, ndime ikadamveka ngati iye ndiye wapambana mkanganowo. Taonaninso kuti mkaziyu akuti "musapite", mwaulemu wa pabanja. Musamuchititse kunena "usapite" pofuna kusunga phatikizo kapena kufulumiza mzere, chifukwa mukatero mwasintha banja lonse.

Mtundu wina tingauphunzire kwa Aswahili, omwe chiyankhulo chawo chimatheranso ndi malembo a liwu ngati chathu. Ndakatulo zawo zazitali zosimba nkhani amazitcha utenzi kapena utendi, ndipo imodzi mwa zakale kwambiri zomwe zidasungidwa, Utendi wa Tambuka, ndi ya m'chaka cha 1728. Ndime yake imakhala ndi mizere inayi ya maphatikizo 8. Itatu yoyamba imagwirizana yokhayokha ndipo imasintha ndime iliyonse, koma wachinayi umathera mofanana kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza: aaab, cccb, dddb. Mzere wachinayiwo uli ngati chingwe chomwe mwatungirapo nsomba. Nkhani ikhoza kupita kutali, koma khutu limadziwa kobwerera.

Chibwereza chomwe chimasintha

Aliyense amene adakhalapo pamoto madzulo amadziwa kuti wosimba akati "Padangokhala", omvera amavomera "Tili tonse", ndipo kanyimbo ka m'nthano kamabwera katatu kapena kanayi. Mawu a kanyimboko sasintha kwenikweni, chomwe chimasintha ndi zomwe zachitika pakati. Ndakatulo yosimba nkhani ikhoza kubwereka zimenezi. Nayi nkhani yathu m'kasanjidwe ka aaab, ndime zitatu zotengedwa m'malo osiyana:

Nyali zayaka panyanja,
Nkhafi zatupitsa manja,
Akuvutikira banja;
Adati mawa abwera.

Kwayera, mphepo yaleka,
Khandalo walibereka,
Wakeyo sakuoneka;
Anzake onse abwera.

Mawa lake chamadzulo
Ana osamba pagombe
Adakanena kumudzi:
Bwato lokha labwera.

Mawu akuti "bwera" abwera katatu. Koyamba ndi lonjezo, kachiwiri ndi nkhawa, kachitatu ndi uthenga wa maliro. Chibwereza chabwino chimasintha mawu amodzi kapena awiri basi. Mukasintha mzere wonse womvera sazindikira kuti ndi womwe uja, mukapanda kusintha kanthu kasanu konse amatopa nawo. M'ndakatulo ya ndime 16 ya abcb, chibwereza chibwere katatu kapena kanayi, pa malo aja mudachonga poyamba.

Tsopano yang'anitsitsani ndime yomaliza. Mizere itatu yoyamba sikugwirizananso: madzulo, gombe, mudzi. Khutu lomwe lazolowera kulandira mathero ofanana katatu pa ndime iliyonse ladikira, silinalandire. Ndipo mzere womaliza uli ndi maphatikizo 7 m'malo mwa 8: bwa-to-lo-kha-la-bwe-ra. Mwasowa phatikizo limodzi mu mzere womwe mwasowa munthu mmodzi. Womvera sawerenga, koma amamva kuti pena paperewera.

Kuswa kotereku kumagwira ntchito pokhapokha ngati mwasunga lamulo lanu mokhulupirika m'ndime zonse zam'mbuyo. Ngati ndime yachitatu ndi yachisanu zidaphonya kale mwangozi, kuphonya kwa kumapeto kumangooneka ngati kulephera kwina. Choncho muswe kamodzi, mwina kawiri, ndipo muzidziwa chifukwa chake.

Kachinthu kena pa mzere wakuti "Adati mawa abwera": ma a awiri agundizana pakati pa "mawa" ndi "abwera". Wolakatula wothamanga amawameza n'kukhala amodzi, mzere n'kutsala ndi maphatikizo 7, ndiye kuperewera kwa kumapeto kuja kwaululika msanga. Polakatula pumirani pang'ono pamenepo, kapena sinthani mawu kuti malembo a liwu ofanana asakumane.

Pa "Khandalo walibereka" tatsogoza chochitiridwa, koma tasunga -li- mu mneni, ndiye chiganizo chikadali Chichewa chomwe mayi angayankhule. Kutembenuza kololedwa n'kumeneko. "Mayi khanda wabereka" ndi kutembenuza kongofuna mathero, ndipo kumamveka.

Kugwirizana kwa kumayambiriro

Tisatengeke ndi mathero okha ngati kuti ndi njira yokhayo. Chichewa chimagwirizanitsa mawu kumayambiriro kudzera m'magulu a mayina, ndipo mlakatuli akhoza kusankha gulu kuti linene zomwe akufuna. Yerekezani "bwato lake lili pamadzi" ndi "kabwato kake kaja kakuvinavina". Ma ka otsatizanawo achepetsa bwato, msodzi n'kuoneka wosowa chomuteteza. Ndiye mzere wotsatira ubwere ndi "chimphepo chija chafika chikukokoma". Mwaika ka ndi chi maso ndi maso, ndipo womvera wadziwa kale yemwe apambane. Mizere iwiri kapena itatu yotere ndi yokwanira. Ikachuluka imasanduka masewera opinda lilime.

Njira ina ndi yolumikiza, pomwe mawu othera mzere amayamba mzere wotsatira:

Adatenga ukonde pangongole,
Ngongole idabala katapila,
Katapila adam'tuma kunyanja.

Kasanjidwe aka kamanena kuti ichi chidabala icho, ndipo panalibe pothawira. Kamayenera pofotokoza chiyambi cha mavuto mwachidule, zaka ziwiri m'mizere itatu.

Mvekero nawo ndi chuma cha chiyankhulo chathu. Poti mizere yathu imathera ndi phatikizo lokokedwa kenako lomaliza, mvekero wa phatikizo limodzi umadula kayendedweko mwadzidzidzi: "Panyanja padangoti zii." Uikeni pothera ndime, pomwe phokoso latha kapena pomwe chinthu chagwa. Mvekero awiri kapena atatu m'ndakatulo yonse amagunda. Khumi amasandutsa nkhani yachisoni kukhala sewero la ana.

Mpata wa pakati pa ndime

Ndime iliyonse inyamule chochitika chimodzi kapena kusinthana mawu kumodzi. Mpata wa pakati pa ndime ndi pomwe nthawi imadumphira. M'chitsanzo chathu sitidaonetse bwato likugudubuzika. Tasiya msodzi akupalasa, tadzapeza kwacha. Womvera amadzaza yekha mpatawo, ndipo zomwe amaikamo zimaposa zomwe mlakatuli akadalemba. Nkhani ya ngozi, ya imfa kapena ya chiwembu imalimba ikachitikira mu mpata umenewu.

Ganizo likhoza kusefukira kuchoka mu mzere kupita mu wina, monga "Mkazi wake ndi khanda" yemwe akudikira mneni wake mu mzere wotsatira. Kusefukira kumafulumizitsa, ndipo n'koyenera pa kuthamanga, kumenyana kapena mantha. Mizere yothera ndi mpumiro uliwonse imachedwetsa, ndipo imayenera kudikira ndi kulira. Koma musadule pakati pa mawu omwe sasiyana, monga kusiya "wa", "ndi" kapena "kwa" kumathero kwa mzere. Wolakatula amakakamizika kukoka mawu opanda kanthu.

Zomwe zimaononga kawirikawiri

Choyamba ndi mzere wobwera chifukwa cha mathero okha. Muuzindikira pouchotsa: ngati nkhani sinataye kanthu, mzerewo udali mlendo. Mankhwala ake n'kulemba mzere wachinayi poyamba, womwe uli ndi mfundo, kenako n'kufunafuna wachiwiri woti uukonzere njira. Mzere wofooka ukakhala koyamba sumveka kwambiri, ukakhala komaliza aliyense amauona.

Chachiwiri ndi kupotoza mwambi kuti ugwirizane ndi mzere wina. Anthu amaudziwa mwambiwo mmene ulili, ndipo mukausintha amasiya kumvera nkhani n'kuyamba kukukonzani mumtima. Ngati mwambi sukukwana mu muyeso wanu, upatseni mzere wakewake kunja kwa muyeso, kapena muusiye.

Chachitatu ndi mawu achikale kapena a chigawo china omwe alowa chifukwa amathera bwino. Msodzi wa ku Senga Bay ayankhule ngati wa kunyanja. Ngati mawuwo simungawamve pakamwa pake, asalowe, ngakhale atagwirizana bwanji.

Chachinayi ndi ndime ya malangizo kumapeto. Nkhani ya msodziyi imakopa mlakatuli kuti awonjezere ndime yonena kuti samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Ndime yotere imafafaniza zonse zomwe mzere wa maphatikizo 7 uja udachita, ndiponso imaweruza munthu yemwe ndakatulo yaonetsa kale kuti adapita chifukwa cha ngongole. Ngati ndakatulo ndi ya ana asukulu ndipo phunziro likufunika, liikeni pakamwa pa mpangankhani pakati pa nkhani, monga mmene mkazi uja wanenera kuti "Ganizani za mwanayu".

Chachisanu ndi ampangankhani oyankhula mofanana. Apatseni kayankhulidwe kosiyana: wina wa mafunso ndi mapempho, wina wa mawu aafupi odula. Womvera pawailesi saona zizindikiro za mawu a mwini, amadalira khutu kuti adziwe yemwe akuyankhula.

Kuyesa ndakatulo isanatuluke

Lembani mawu omaliza a mizere yonse pamndandanda, kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kuwawerenga okha. Pa ndime zathu za abcb zija mupeza "kale, ukonde, khanda, pakhonde, mwera, mphepo, mwanayu, pomwepo". Mafupa a nkhani akuoneka. Mukapeza "ndithu, kwambiri, adapita, zedi", bwererani.

Jambulani mawu anu pafoni mukulakatula, mumvere mawa lake pepala mutaliika patali. Pomwe mwapunthwa lilime, pomwe mwapumira pakati pa mawu, pomwe mwathamanga kuti mzere ukwane, chongani. Yezaninso nthawi. Ndime ya mizere inayi ya maphatikizo 8 imatenga masekondi pafupifupi 12 mukapumira bwino, choncho ndime 20 ndi mphindi zinayi. Pamwambo pomwe mwapatsidwa mphindi zisanu, ndime 40 sizikwana, ndipo kudula pabwalo kumagwera ndime zomaliza zomwe ndi zofunika koposa.

Kenako patsani munthu wina awerenge mokweza musanamuuze kalikonse. Inu mumadziwa pokoka ndi pofulumira, ndiye mumabisa zilema za mizere yanu osadziwa. Mlendo sabisa. Akamaliza, mufunseni womvera wachitatu asimbe nkhaniyo m'mawu ake, ndipo mufunseni mzere womwe watsala m'mutu mwake. Ngati wasimba nkhani yonse molondola koma sakukumbuka mzere uliwonse, limbitsani chibwereza ndi mathero a pa malo atatu aja. Ngati akuimba chibwereza koma sakudziwa chomwe chidachitikira msodzi, chotsani mathero ena ogwirizana m'ndime zapakati, mubwezeretse ziganizo zomwe mudazipotoza, kenako muyesenso ndi womvera wina yemwe sadaimvepo.